Chipinda Chopimira Mphuno ku Chiniot

Olemekezeka a dokotala Naheed Qureshi, akulu a chipatala chino. Olemekezeka a Haji Ilyas, apampando a bungwe la osema matabwa kuno ku Chiniot. Olemekezeka a imamu, anamwino, amisiri anzanga, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Ine Inayat sukulu sindinapite nayo patali. Mwandiika pampando waulemu chifukwa cha nkhope yangayi, ndikudziwa, ndipo sindikudandaula. Mbali iyi ya mphuno anaidula, fungo la buledi sindilimvanso, diso ili limangotuluka misozi lokha. Koma ndilipo.

Tinadwala anayi pamalo pathu posemera mipando, anthu opuma fumbi la matabwa chiyambire ubwana. Mphuno kutseka mbali imodzi, kenako kamfuno. Tonse anatichita opaleshoni ku Lahore, tonse anatiwotcha ndi makina ophera khansa, n'kutiuza kuti khansa ya m'mphuno imatha kubwerera ngakhale patapita zaka, tizipita kukapimitsa. Awiri tinawaika m'manda. Akanapita akanachira... ayi, ndisaname, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anasiya kupita.

Chifukwa chake mukuchidziwa. Bambo akamakwera basi ya ku Lahore kawirikawiri anthu amaona kuti akudwala, ndipo odzafunsira mwana wake wamkazi amabwerera panjira. Ndiye timakulunga mpango kumaso n'kumati tinachira.

Wotsala mnzanga ndi mlamu wanga Mushtaq, uyo wakhala kumbuyoyo. Musazolike, alamu. Posachedwapa ndinaona magazi pampango wake. Ndinati, "Alamu, tiyeni kwa dokotala." Iye akuti, "Iwe, ndi theka la mphuno lomwelo ukununkhiza za m'nyumba mwanga? Mwana wanga Rukhsana akwatiwe kaye." Ndinati, "Nanga paukwatipo adzamupereke ndani?" Anaseka, n'kubwerera pa tchizulo chake.

Chipinda ichi chili pafupi ndi msika wa matabwa. Sipafunika kukwera basi, munthu atha kulowa ngati wopita kukagula misomali. Sichilonjeza moyo ayi, chimangoona msanga, ndipo tikuthokoza amene achimanga.

Alamu, ndakuyalutsani pagulu, akuchimuna amva, mwina ukwatiwo ndausokoneza, mwina simundilankhulanso. Ndavomera. Kulibwino mundide muli moyo.

Choncho ndikulengeza kuti chipinda chopimira mphunochi chatsegulidwa tsopano, ndipo ine ndikhala pakhomo pake mpaka mlamu wanga atalowa.

Zikomo kwambiri nonse.