Kabichi wa Nambala Faifi

Lachitatu, itangokwana hafu pasiti fili, Mzime anaima pa kawindo ka waya ka shopu ya alamu ake okonza mafoni. Mtsikana amene anakumana naye tsiku lomaliza mayeso sanamupatse nambala, poti foni inali ya mayi ake. Ankangolankhulana m'kati mwa gemu ina yolima kabichi, momwe mtsikanayo ankadzitcha Kagulugufe, ndipo n'momwemo m'mene analonjeza kuti folo koloko lero ayankha mawu achikondi a Mzime.

Tsoka ilo, foni ya Mzime inagwa m'mawa, galasi n'kusiya kumva chala. Alamu anali atailumikiza ku kambewa ka kompyuta, kuseri kwa waya, kumene dzanja la Mzime silikanafika.

"Gemu ya kabichiyi ikukana kutseguka," anatero alamu, osadzutsa mutu. "Ikuti ilandire kaye zatsopano. Malo mulibe."

"Ndiye apezeni malowo, alamu."

"Malo sapezeka, amapangidwa. Muli magemu asanu umu. Mundiuze yapansi, ndifufute."

"Yapansi palibe."

"Zinthu zikakhala zisanu, china chimakhala pansi. Ngakhale zala."

Mzime anapisa m'thumba n'kutulutsa pepala lopindapinda, lofewa ngati nsalu. Analiyamba ali fomu thu, ndipo ankalikonza chaka chilichonse mofatsa kuposa mmene ankakonzera homuweki.

"Awa ndi magemu asanu opambana chibadwire changa," anatero, akuliwongola pa kauntala. "Timayambira pa faifi, kumakwera. Akatswiri amatero."

"Inenso ndimayambira pa faifi. Ndi iti?"

"Ya kabichi."

"Chabwino." Kambewa kanayamba kuyenda.

"Aaa, alamu, taimani. Mukutani?"

"Ndikufufuta faifi."

"Imeneyo ndiye ikufunikayo."

"Ndiye si faifi."

"Ndi faifi. Ndi gemu yoipa. Umathirira kabichi, n'kudikira maola sikisi, n'kuthiriranso. Palibe wothamangitsa mnzake. Ngakhale mbuzi yoti idyeko kabichiyo mulibe."

"Yoipa."

"Yoipitsitsa."

"Ndifufute."

"Mukaifufuta mwandikwirira. Mawu achinsinsi ndinaiwala kalekale. Munda upita, Kagulugufe apita."

Alamu anasiya kambewa n'kupinda manja. "Ndiye ikwezeni, mlamu. Cholembera ichi. Lembani wani pamenepo."

"Pa pepala ili sindinganame."

"Ndi pepala."

"Chikondi ndi china, mndandanda ndi wina," anatero Mzime, akuyang'ana kudenga kumene fani inkazungulira mwaulesi. Mumtima mwake ankakhulupirira kuti munthu wonama pa mndandanda adzanamanso m'banja, ndipo iye ankafuna kukafika kwa Kagulugufe ali woyera ngati pepala la mayeso lisanalembedwe.

"Achemwali anu atandifunsa mtundu umene ndimakonda, ndinati wachikasu, poti tsikulo anavala zachikasu," anatero alamu, akukoka kolala ya malaya awo achikasu. "Chaka cha naini chino. Sindinafe."

"Inu ndi inu."

"Ndi zoona." Anayang'ana wotchi ya pakhoma. "Twente thu folo. Faifi tailumpha mwa chisomo. Folo ndi iti?"

"Ya njoka. Imeneyi ndiyo inandilera."

"Ine ndimayesa anakulerani ndi apongozi anga."

"Ndikunena za mumtima. Ndinaiyamba pa foni yakale ya bambo, kuseri kwa chitseko, ndisanadziwe n'kuwerenga komwe. Njoka ija ikadziluma mchira, ine ndinkalira misozi yeniyeni."

"Inali ndi ululu?"

"Ayi, alamu."

"Ndiye munkalira chiyani?"

"Simungamvetse."

"Yapita," anatero alamu. Anasuzumira pa galasi losweka lija. "Koma njoka yanuyi inali yowonda. Malo sanasinthe."

"Ndiye mwaiphera chiyani?"

"Inali folo."

Mzime anagwira waya ndi manja onse awiri ngati mkaidi. "Bwanji mufufute zithunzi?"

"Zithunzi zilimo zinayi. Zonse ndi za kabichi."

"Ndi munda wa Kagulugufe umenewo. Musakhudze."

"Sindinakhudze. Fili?"

"Ya mpira. Timu imeneyi ndinaitola ili kumchira kwa ligi, anthu akuiseka. Goloboyi wake ndinamutenga ali mwana, lero ndi kaputeni. Loweruka tili ndi fainolo."

"Loweruka lathu kapena la m'fonimu?"

"La m'fonimu."

"Likugwa liti?"

"Ndikalifuna."

"Ndiye simunalifune. Goloboyiyo ali ndi banja?"

"Alibe."

"Savutika." Kambewa kanalira kamodzi, tee.

Mzime anatseka maso. Anaona anyamata ake khumi ndi mmodzi akutuluka m'bwalo mwakachetechete, zikwama zili kumsana, osacheuka. Anadzitonthoza kuti tsiku lina adzamufotokozera Kagulugufe zimenezi atakhala pansi pa mtengo, ndipo mtsikanayo adzamugwira dzanja n'kunena kuti amuna otere anatha.

"Mwagona?" anafunsa alamu.

"Ndikulira maliro."

"Lirani mukutchula. Malo sanakwanebe. Thu?"

"Ya nkhonya. Imeneyi ndiyo inandilepheretsa masamu."

"Ndiye ndi mdani. Ikutani pa thu?"

"Ndi mphunzitsi. Inandiphunzitsa kuti munthu ukagwa umadzuka."

"Pa masamupo munadzuka?"

"Zotsatira sizinatuluke."

"Mwanena kuti munalephera."

"Ndikudziwa zimene ndinalemba."

Alamu anagwedeza mutu, ngati munthu amene wamva umboni wokwanira. Tee. Kenako anayandikitsa nkhope pa galasi, milomo ikuyenda. Panja panadutsa njinga yamoto, phokoso lake n'kuzimiririka. Wotchi inali pa teni thu.

"Kwatsala pang'ono," anatero. "Koma pang'onopo ndi pakulu."

Mzime anayang'ana pepala lija. Kupatula wa kabichi, panatsala mzere umodzi wosakhudzidwa, wapamwamba, wolembedwa ndi inki yofiira n'kutsekedwa mizere iwiri kunsi. Gemu ya mpikisano wa magalimoto. Zaka zitatu. Anayamba ndi kagalimoto kotuwa kotsokomola pa chitunda, n'kumapambana tayala limodzilimodzi, mpaka lero anali ndi chigalimoto chofiira chimene chikangolira anzake onse ankapatuka okha.

"Iyi yokha ayi," anatero motsitsa.

"Musadandaule. Nambala wani sindifufuta ine."

Mzime anapuma. "Zikomo, alamu."

"M'shopu muno sitikhudza chimene mwini wake walemba kuti n'choyamba. Anthu amabwera kudzalira mawa lake, makasitomala n'kumathawa. Ndiye atsala awiri. Ndifufuta yapansi."

"Yapansi ndi iti?"

"Pepala ndi lanu."

"Kabichi ayi."

"Ndiye magalimoto."

"Chabwino." Mzime anatembenukira kumsewu kuti asaone. "Fufutani magalimoto. Chitani msanga."

"Sindingathe. Ndi nambala wani."

"Ndakulolezani ine mwini wake."

"Pakamwa. Pepala likunena zina."

"Alamu, nthawi."

"Seveni thu."

"Inu mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Ine palibe. Foni ndi imene ikufuna malo." Anakankhira cholembera kunsi kwa waya. "Kabichi akwere pa wani, magalimoto atsike pa thu, ine ndigwire ntchito yanga."

"Koma ndi bodza. Kabichi sangapose galimoto. Ngakhale mwana akudziwa."

"Ndiye tidikire galasi latsopano. Lifika Lolemba."

Lolemba. Mzime anaona Kagulugufe ataima yekha pakati pa mizere ya kabichi, kathini kothirira kali m'manja, akuyang'ana kuchipata. Folo koloko ikwana, faifi koloko ikwana. Kenako pabwera mlimi wina, wa foni yamalo ambiri, n'kumufunsa ngati akufuna womuthandiza kuthirira.

Anatenga cholembera. Anakhwatcha faifi n'kulemba wani. Anakhwatcha wani wofiira uja n'kulemba thu.

"Musaine," anatero alamu.

Anasaina.

"Ndi deti."

Analemba deti.

Alamu anakoka pepala lija, n'kuliwerenga lonse kuyambira pamwamba, n'kulitsindikiza ndi sikuludiraiva. Tee.

"Yapita bwino," anatero. "Sinavutike."

Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pa galasi. Mzime anakayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira basi yochedwa, akupondaponda pansi. Kanaima pakati. Kanaganiza. Kanapitiriza. Itadutsa folo ndi mphindi ziwiri, munda unatseguka, kanyimbo kake kotopetsa kaja kakulira, ndipo pakona panali kaenvulopu.

"Mwalandira kalata," anatero alamu. "Ndiwerenge?"

"Tembenuzirani kuno ndiwerenge ndekha."

"Chingwe n'chachifupi." Anakonza kukhosi n'kuyamba kuwerenga ndi mawu amene ankawerengera mitengo ya mabatire. "Akuti: 'Ndaganiza mokwanira. Koma ndiyambe ndaulula. Kabichiyu wanditopetsa. Ndimangothirira poona kuti iwe umamukonda.'"

"Ine?"

"Sindinamalize. 'Gemu yanga yeniyeni ndi ya magalimoto. Undipeze kumeneko kota pasiti folo, dzina ndi lomweli. Sindifuna mwamuna wochedwa. Ukandipitirira, yankho ndi eya.' Kenako pali kamtima. Kamodzi."

Mzime anayang'ana kudenga. Fani inazungulira katatu.

"Amakonda magalimoto," anatero pomaliza, mawu ali ngati a munthu wolota. "Alamu, mwamva? Amakonda magalimoto. Tinabadwira limodzi ife."

"Mwezi wake uti?"

"Bwezeretsani gemu ija. Ngakhale ndiyambirenso ndi kotuwa kaja, ndimupitirira. Ndimadziwa makona onse. Ndiyendetsa ndi kambewa komweko."

"Malo mulibe. Kabichi wadya onse."

"Ndiye mufufuteni kabichiyo. Mphindi khumi zatsala. Fufutani, alamu, chonde."

Alamu anachotsa sikuludiraiva pa pepala, n'kulikweza kowala, n'kuyang'anitsitsa siginecha ndi deti.

"Pepani, mlamu," anatero. "Imeneyi ndi gemu yanu yopambana chibadwire."