Vellingiri Asari, Mwini Ng'anjo ya Mapampu

Malemu amene agona pakati pathuwa, bambo Vellingiri Asari, anabadwa pa 14 Malichi 1901 m'mudzi uno wa Semmanur, m'nyumba yomwe ino, ikadali yofolera ndi masamba a kokonati. Ine amene ndaima pano ndine Ayyasami, mwana wa mlongo wawo. Malemu anali amalume anga, ndipo ndinawayendetsera galimoto zaka zoposa makumi atatu. Banja landituma kuti ndinene mbiri yawo. Akuluakulu nonse, amayi, anzathu a ku fakitale, ndi inu alimi amene mwayenda pansi kuchokera m'midzi, ndipempha mundimvetsere. Zina mwa zimene ndinene ndi zowawa, koma ambiri a inu munaziona ndi maso, ndiye sindingazilumphe.

Bambo awo, malemu Marappa Asari, anali osula makasu, zikwakwa ndi mikombero ya ngolo. Mayi awo anali mayi Pechiammal. M'banjamo munabadwa ana asanu ndi awiri. Mu 1909 mliri wa makoswe unalowa m'mudzi muno, ndipo mwezi usanathe unatenga bambo awo ndi ana asanu. Anatsala malemu, mayi awo, ndi kamlongo kakhanda kamene kanadzabereka ine.

Sukulu anayamba mu 1908 pakhonde la kachisi, kulemba ndi chala pamchenga, ndipo analekera kalasi yachitatu. Mu 1913 mayi awo anasamukira ku Coimbatore, kumene ankagulitsa zitumbuwa za mpunga pachipata cha fakitale ya thonje. Malemu analembedwa m'fakitalemo kuti azithira mafuta m'makina. Mu 1917 lamba wa makina anawadula zala ziwiri za dzanja lamanzere. Kapitawo anawaponyera nsanza kuti amange, n'kuwauza kuti akajomba m'mawa mwake malo awo atenga wina. Sanajombe. Atakula ankakonda kunena kuti zala zotsalazo zinali zokwana kugwirira nyundo ndi kukoka khutu la munthu waulesi, ndipo ena mwa ife makutu athu akudziwa kuti sankanama.

Pa 2 Juni 1924 anamanga banja ndi mayi Sornammal a ku Pollachi. Anabereka ana anayi: a Thirumurti mu 1926, mayi Kamalam mu 1929, mwana wina amene anamwalira asanapatsidwe dzina, ndi a Velusami mu 1933.

Mu 1928 anasiya ntchito n'kumanga kachisakasa kuseri kwa nyumba. Achinyamata simunazione, koma masiku amenewo mlimi ankatunga madzi othirira ndi thumba lachikopa. Iye ndi ng'ombe zake ziwiri ankatsika ndi kukwera pachitsime kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu, koma n'kuthirira kadimba kamodzi. Mapampu analipo, ochokera kutsidya la nyanja, a anthu olemera okha. Malemu anayamba ndi kukonza mapampu amenewo akawonongeka, kenako anati aumba awoawo. Mayi Sornammal anavula zibangili zawo zagolide kuti ng'anjo imangidwe.

Kwa zaka zisanu palibe chabwino chinatuluka. Chitsulo chinkasweka m'chikombole, china chinkatuluka ndi mabowo. Banja linkadya phala la mawere kamodzi patsiku. Anansi akamadutsa ankasuzumira m'chisakasamo n'kufunsa, "A Asari, lero mwaumba chiyani, pampu kapena sefa?" Malemu ankangophwanya chimene aumbacho n'kuchibwezera m'ng'anjo.

Mu Ogasiti 1934, magetsi atangofika kumene kuno, pampu yawo yoyamba inalira pachitsime cha a Chinnappa Gounder, mlimi wa m'mudzi uno. Madzi anathamanga mu ngalande tsiku lonse osaleka. A Chinnappa anamasula ng'ombe zawo m'goli, n'kuiveka pampuyo nkhata ya maluwa. Anthu anachokera midzi yakutali kudzaona, ndipo aja ankanena za sefa ndiwo anayamba kudzapempha ntchito.

Nkhondo yaikulu itayamba mu 1939, katundu wakunja analeka kubwera, ndipo aliyense wofuna pampu ankabwera kwa malemu. Chisakasa chija chinasanduka fakitale imene mukuidziwa. Mu 1952 anamanga sukulu ya ana a antchito, mu 1958 chipatala. Minda imene kale inkabereka mapira okha inadzaza nzimbe, nthochi ndi kokonati. Nyumba za udzu zinafoleredwa ndi matailosi. Ana a alimi ambiri amene lero ndi madokotala ndi aphunzitsi anaphunzira ndi madzi a mapampu amenewo.

Malemu anali munthu wouma mtima pantchito. Ankafika pafakitale aliyense asanafike, ankadya mpunga wa chambiko atakhala pansi pamodzi ndi oumba zikombole, ndipo ankadziwa dzina la aliyense. Koma sankafuna kuyankhidwa. Mu 1948 antchito atanyanyala, anatseka chipata mpaka njala inawabweza, ndipo atsogoleri awo onse anawachotsa osawalandiranso mpaka kalekale. Mabanja ena anabalalika chaka chimenecho. Ana a anthu amenewo ena muli pano. Takuonani, ndipo kubwera kwanu sitikutenga mopepuka.

Pa 19 Sepitembala 1961 panagwa tsoka limene banja lino silinachire nalo. A Velusami, amene malemu ankawakonda koposa chifukwa anatengera manja awo, anali kuyang'anira kuthira chitsulo. Unyolo wonyamula mphika wa chitsulo chosungunuka unaduka. Iwo ndi antchito awiri, a Raman ndi a Pachaiappan, anafera pomwepo. A Velusami anasiya mkazi ndi mwana wamwamuna woyamwa. Titangootcha mtembo monga mwa mwambo wathu, maliro asanathe, abale akadali pakhomo, malemu anabwerera ku fakitale n'kulamula kuti ntchito iyambe. Pobwera madzulo mayi Sornammal anawachingamira pakhomo n'kunena, "Phulusa la mwana wanga silinazizire, inu mwakayatsa kale ng'anjo?" Malemu anayankha kuti ng'anjo ikazima nthawi yaitali imang'aluka. Kuchokera tsiku limenelo mayiwo ankawaphikira ndi kuwachapira monga kale, koma sanakhalenso nawo pansi kucheza. Ine amene ndinkawayendetsa ndikhoza kukuuzani kuti malemu sanadutsenso pamalo pamene mphikawo unagwera. Ankazungulira kuseri, ngakhale pamvula.

Mu 1965 anaika a Thirumurti kukhala wachiwiri wawo, ndipo fakitale inakula kuposa kale. Mapampu anayamba kupita ku Ceylon ndi kum'mawa kwa Africa. Nthawi yomweyo madzi m'zitsime zathu anayamba kutsika. Alimi ankakumba mozamirapo, n'kubwera kudzagula pampu yamphamvu kuposa yoyamba. Madzi akatsikanso ankakumbanso. Fakitale inkapanga mapampu akuluakulu chaka ndi chaka, ndipo tonse tinkati zinthu zikuyenda.

Mu 1974 mvula inakana. A Kaliappan, mwana wa a Chinnappa Gounder, anakumba chitsime cha bambo awo mpaka anafika pathanthwe. Anagulitsa ng'ombe, kenako theka la munda, n'kugula pampu yaikulu kwambiri imene tinali nayo. Inakoka fumbi lokha. Nzimbe zinauma chiimire. Mu Meyi 1975 a Kaliappan anapezeka atafa pansi pa chitsimecho, nsapato atazisiya bwinobwino m'mphepete.

Malemu anapita ku malirowo. Mkazi wa a Kaliappan, mayi Rukmani, anadzuka pakati pa amayi n'kubwera pamene malemu anakhala. Sanalire ndipo sanakweze mawu. Anati, "Bambo, apongozi anga anathirira munda uno ndi ng'ombe ziwiri, madzi sanathe. Chitsulo chanu chili apo. Uzani anthu anu achinyamule." Pobwerera malemu anandiimitsa pachitsime chilichonse cha m'mbali mwa msewu. Ankatsika, kusuzumira, kuponyamo mwala, kumvetsera, n'kukweranso m'galimoto. Anatero mpaka tinafika kunyumba.

Sabata yomweyo anaitana a Thirumurti n'kuwauza kuti fakitale ileke kupanga mapampu okoka madzi akuya. Ndinali pakhomo la ofesi ndipo ndinamva. A Thirumurti anati, "Bambo, tikaleka ife, a mafakitale ena agulitsa. Madzi atha chimodzimodzi, ndipo mabanja onse amene amadya pano agona ndi njala. Akawauze ndani?"

Malemu anati, "Ndikawauza ndine. Ndinawalemba ndine."

A Thirumurti anati, "Mwakalamba, bambo. Kapumuleni."

Sindinatumidwe kuti ndiweruze mlandu umenewo pano. Aliyense mwa awiriwo anali ndi anthu amene ankawaganizira. Anakangana zaka ziwiri, poyamba m'nyumba, kenako pamaso pa akuluakulu a banja, pomaliza kukhoti. Khoti linagamula kuti malemu, chifukwa cha ukalamba, sangayendetsenso fakitale. Pa 3 Okutobala 1977 anandiuza kuti ndiwaperekeze kuntchito monga mwa masiku onse. Tinapeza chipata chotseka. Mlonda, a Munusami, amene analembedwa ndi malemu omwe, anabwera pawindo la galimoto misozi ili mbwe, n'kunena kuti alamulidwa kuti asatsegule. Malemu anawayang'ana n'kuti, "Ukulira chiyani, iwe? Ukanatsegula ndikanakuchotsa ntchito ndine." Kenako anandiuza kuti nditembenuze galimoto. Sanapondenso pamalopo.

Anagulitsa nyumba ya m'tauni n'kubwerera kumudzi kuno ndi mayi Sornammal. Ndalama zimene anapeza pa nyumbayo anazithera pa maiwe akale amene makolo athu anakumba kuti azisunga madzi a mvula, amene anali atakwiririka ndi matope ndi minga. Analemba anthu, ndipo iwo eni ankasenza dengu la dothi pamutu ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Ana ankawatsatira akuimba kuti nkhalamba yapenga. Anamaliza maiwe atatu. Mu Novembala 1979 mvula inagwa bwino, dziwe la kumadzulo linadzaza, ndipo zitsime zoyandikana nalo zinabwerera madzi. Ndinawaona akuseka tsiku limenelo, atakhala pachiunda cha dziwe miyendo ili m'madzi. Chaka chotsatira alimi anabzalanso nzimbe, mapampu analira usana ndi usiku, ndipo pofika chilimwe zitsime zija zinaumanso. Malemu sanakalipire munthu. Anati mlimi amene ali ndi ana sangadikire, n'kuyamba dziwe lachinayi.

Mayi Sornammal anamwalira pa 27 Disembala 1980. A Thirumurti anabwera kudzaotcha mtembo wa mayi awo. Bambo ndi mwana anaima moyang'anana, nkhuni zili pakati, koma sanapatsane moni.

Mu Juni 1982 malemu anagwa ali m'dziwe lachinayi lija, dengu lili pamutu. Kuchipatala anati mtsempha waphulika m'mutu. Mbali yakumanja inafa ndipo lilime linamangika. Mayi Kamalam anasiya nyumba yawo ku Erode n'kubwera kudzawasamalira, kuwadyetsa, kuwatembenuza ndi kuwasambitsa. Miyezi yomaliza ankagona pakhonde ili, maso ali kumsewu. Galimoto iliyonse ikamveka ankayesa kudzutsa mutu. Anakana chakudya kumayambiriro kwa mwezi uno, ndipo dzulo, pa 9 Epulo 1983, anatisiya ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi ziwiri.

Malemu asiya ana awiri, a Thirumurti ndi mayi Kamalam. Asiya mpongozi wawo mayi Meenakshi, mkazi wa malemu Velusami, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi zidzukulutudzi zitatu. Asiya fakitale yodziwika ndi dzina lawo, sukulu, chipatala, maiwe atatu okumbidwa ndi limodzi losatha.

M'malo mwa banja ndithokoze mayi Kamalam chifukwa cha miyezi yonse imene sanagone tulo. Ndithokoze adokotala ndi anamwino amene ankabwera kuno osatopa, ansembe a pakachisi, oimba ng'oma, ndi amayi a nyumba zoyandikana amene atiphikira popeza m'nyumba ya maliro simuyaka moto. Ndithokoze a Sengottaiyan amene anapita ndi ngolo yawo mpaka kumtsinje kukatunga madzi osambitsira malemu, chifukwa m'mudzi muno simunapezeke okwanira. Ndithokoze oumba zikombole ndi osungunula chitsulo amene mwabwera ngakhale fakitale sinatseke lero. Mayi Rukmani, takuonani mwakhala kumbuyoko. Zikomo.

Chatsala chimodzi. Mwambo wathu umati mwana wamwamuna woyamba ndiye anyamule mphika wa moto patsogolo pa chithatha ndi kuyatsa nkhuni. A Thirumurti tinawatumizira uthenga dzulo, ndipo m'mawa uno tinatumanso munthu. Atumiza nkhata yaikulu ya maluwa ili apoyo. Tadikira kuyambira m'mawa, dzuwa lapendeka, ndipo thupi silingadikire m'kutentha kuno. Akuluakulu a banja agwirizana kuti moto anyamule a Senthil, mwana wa malemu Velusami. A Senthil, bwerani kutsogolo kuno, mulandire mphika. Onyamula chithatha, dzukani.

Amalume, ulendo wanu ndi uwu. Mzimu wanu ukause mu mtendere.