A Dou Shuanzhu Sagona Pamwamba pa Paipi

Malemu achimwene anga, a Dou Shuanzhu, anabadwa pa 9 Malichi 1958 m'mudzi muno mwa Doujiawa, m'boma la Jingbian. Sukulu analekezera kupulayimale n'kuyamba kuweta nkhosa. Mu 1981 anakwatira mayi Qiao Gailan.

Mu 1997 paipi ya gasi inakwiriridwa kudutsa m'minda yathu, chakumunsi kwa manda a bambo athu, ndipo malemu analembedwa ntchito yoiyendera. Kaya mvula kaya chipale chofewa, iwo anali paulendo, kuona ngati madzi akokolola dothi, ngati udzu wauma mokayikitsa, ngati wina wakumba pafupi ndi zipilala zachikasu zosonyeza podutsa paipi. Ntchito imeneyi ndiyo inawadanitsa ndi inu. Atakuzulitsani masau poopa kuti mizu ingawononge paipi, munawapatsa dzina loti galu wa paipi, ena mumachita kuuwa akamadutsa. Musaweramitse mitu, ndikukuonani.

Mu 2016 alamu anga anatisiya. Mwambo umati mwana ndi mkazi wake agone kumapazi kwa bambo, koma kumapazi kwa bambo athu ndi kumene kwadutsa paipi. Malemu anakana kukumbapo. Bambo athu aang'ono, a Dou Youcang, amene akhala kutsogoloku, anawakalipira kuti, "Iwe Shuanzhu, kodi chinakubereka ndi chitsulo?" Malemu anayankha kuti, "Bambo, khasu limodzi likalakwitsa pamenepo, mudzi wonse tikagona kumapazi kwawo." Anakaika mkazi wawo kuphiri la kum'mawa. Ambiri a inu simunabwere, bokosi tinanyamula ndi aganyu.

Anapuma pantchito mu 2018. Chaka chatha anawapeza ndi khansa ya m'mimba, anagonekedwa kuchipatala ku Yulin, ndipo anamwalira pa 14 Okutobala 2024. Chimene anandipempha atagwira dzanja langa n'chimodzi: kuti ndikawagoneke pambali pa mkazi wawo.

Nanga lero m'mawa ndakapeza chiyani kumanda a bambo? Dzenje. Chipilala chachikasu mwazula n'kuponya paudzu. Akuti wosankha malo a manda wavomereza, akuti ndi ulemu. Ulemu wanji umenewo? Munthu munamulephera ali moyo, mwadikira atseke maso kuti mumugoneke pamene anakuletsani. Ndakwiya, ndipo sindibisa ngakhale ndavala zoyera za maliro.

Malemu asiya ana atatu, a Jianrong, a Caixia ndi a Jianbing, zidzukulu zisanu, ndi ine mng'ono wawo, Shuanlao.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi amene akuphika nyama ya nkhosa kuseriku, oimba malipenga, ndi a Hao Zhanjun, amene anatenga ntchito ya malemu. Ndinawaimbira foni, panopa ali padzenjepo kuona ngati mwakanda paipi.

Inu okumba, mafosholo anu akadali komweko. A Hao akamaliza, mukakwirire dzenjelo ndi kuimika chipilala pamalo pake. Bokosi silituluka pakhomo pano zisanachitike zimenezo, tikhala ngakhale mpaka mawa. Bambo aang'ono, mundikhululukire, koma kumapazi kwa bambo athu sikugona munthu, ngakhale ine tsiku langa likadzafika.

Achimwene, usani mumtendere kuphiri la kum'mawa, pambali pa alamu.