Ndolo za Chikopa cha Mbuzi ya Idi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mukuwerenga. Ena mumandidziwa monga mayi wa ndolo uja wokhala pakhonde ndi ndodo pambali, ena munangomva mbiri ya ndolo zanga zonunkha ndipo mumasekabe mpaka lero. Sekani ndithu, inenso masiku ano ndimaseka. Koma ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinathyoka mwendo, ntchito n'kutha, ndipo mwana wanga mmodzi yekhayo anatsala pang'ono kusiya sukulu kuti akalere ana a eni ku Lilongwe.

Ndinkachapa ndi kusita zovala pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima. Bambo a kunyumba anatisiya kale, kotero pakhomo tinali awiri, ine ndi mwana wanga Tadala, amene nthawi imeneyo anali Fomu 2. Tsiku lina m'dzinja ndinakwera njinga yamoto ya kabaza pochokera kumaliro ku Khombedza. Mvula inali itangokata, tayala linaterera pamatope, ndipo njinga inandigwera pantchafu. Akuchipatala anachita mbali yawo, koma mwendo unapola mokhota, moti mpaka lero sinditha kuimirira nthawi yaitali. Ntchito yochapa imafuna miyendo. Mabwana anandidikira pang'ono, kenako analemba wina, ndipo ine sindiwaimba mlandu.

Amene anatigwira dzanja ndi achimwene anga aakulu, amene amalima mpunga ku Chinguluwe. Ankabwera pa njinga yakapalasa ndi kathumba kumbuyo, osadandaula. Koma chaka chimenecho madzi anakokolola mbali ina ya munda wawo. Atakolola anabwera, n'kukhala pampando, chipewa chili pabondo.

“Nabanda,” anandiitana motero, “mpunga wa chaka chino ndi umene wauonawo. Makomo awiri sindikwanitsa. Ku Lilongwe kuli mayi wina akufuna mtsikana wolera ana. Tadala amalize teremu ino, koma anzake akamatsegulira mu Seputembala, ine ndidzabwera kudzamutenga.”

Sanalankhule mwankhanza, ndipo iwo ndiwo eni mbumba. Mawu a malume pa mwana sitingowakankhira kumbali. Ndinangoti, “Ndamva, achimwene.” Tadala anali kuseri, ndipo anamva zonse. Sanalire. M'mawa mwake ndinamuona akusita yunifolomu yake mosamala kuposa masiku onse, ngati munthu amene akutsanzikana nayo, ndipo chimenecho chinandilasa kuposa kuwawa kwa mwendo.

Lachinayi lina amayi a kutchalitchi kwathu anabwera kudzandiona. Mmodzi anawerenga m'Baibulo za mayi wamasiye uja amene ana ake ankafuna kutengedwa chifukwa cha ngongole, ndipo mneneri anamufunsa chimene anali nacho m'nyumba. Atapita ndinayang'ana m'nyumba mwanga. Munalibe mafuta ngati mwa mayi uja. Munali kachitini ka mikanda yotsala ya mkanda wa m'khosi umene unaduka kalekale, ndi manja anga awiriwa. Pamenepo ndinakumbukira ndolo zimene alendo ankavala kuloji, zachikopa, zopakidwa penti wowala, mikanda ikulendewera kunsi. Nthawi ina ndinapeza imodzi m'thumba la malaya ochapa, ndipo ndisanaibweze ndinaitembenuza nthawi yaitali, ndikudziuza kuti ichi ngakhale ine ndingapange.

Ndinatuma Tadala kwa opha mbuzi kumsika, ndipo anabwera ndi chikopa chowuma gwa ngati lata. Ndinapala ubweya ndi mpeni, n'kuchipaka mafuta ophikira kuti chifewe. Penti ndinapempha kwa asodzi, wotsala popaka maboti, wofiira ndi wachikasu. Ndinadula timasamba ndi timabwalo, ndinapaka, ndinatunga mikanda, ndipo kunena zoona zinali zokongola. Amayi a kutchalitchi ataziona anaomba m'manja. Kunali chinkhoswe cha mwana wa mmodzi wa iwo, ndipo anagwirizana kuti gulu lonse livale ndolo zanga pamodzi ndi chitenje chofanana. Ndinathokoza Mulungu ndi misozi, ndikuyesa kuti yankho lafika.

Ine kuchinkhosweko sindinapite chifukwa cha mwendo, koma Tadala anabwerako nkhope ili pansi. Poyamba zonse zinali bwino. Koma amayi atavina, thukuta litayamba kutsika, ndolo zija zinafewa n'kuyamba kununkha ngati mbuzi yofa dzana. Penti anayamba kusweka n'kumamatira m'makosi ndi pa mabulauzi oyera. Mayi wina wanthabwala anafuula kuti, “Ntchentche zasiya nyama kukhitchini, zatsata makutu athu!” Anthu anagwa nako kuseka. M'mawa mwake ndolo zonse zinabwerera m'jumbo. Palibe amene anandikalipira, ndipo chifundo chawocho chinandiwawa kuposa kukalipa.

Abale, masabata otsatira anali amdima. Ndinkachita manyazi ngakhale kukhala pakhonde, chifukwa ana akamadutsa ankagwira mphuno. Ndinasiya kuimba. Mapemphero anga aatali aja anatha, panatsala limodzi lalifupi limene ndinkalibwereza posesa, potsuka mbale, ngakhale pongokhala: “Ambuye, manyazi ndalandira, koma mwana yekhayu musamulole apite.” Kumwamba kunali zii. Juni analowa ndi mphepo yake ya mwera, ndipo ine ndinkangoona Seputembala akubwera.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala banja lachisilamu, Che Yusufu ndi akazi awo Abiti Juma. Takhala moyandikana zaka zambiri, timapemphana moto ndi mchere, ndipo pa Idi imene amapha mbuzi salephera kutitumizira nyama. Chaka chimenecho sanatume mwana. Anabwera okha, Abiti Juma atanyamula mbale, dzanja lina atagwira amuna awo, chifukwa maso a Che Yusufu anachita ng'ala.

Titapatsana moni, mkuluyo anati, “Mama, mbiri yanu yafika mpaka kumzikiti. Tabweretsani ndolo zija ndizione.”

Ndinkafuna nthaka itandimeza, koma ndinatulutsa jumbo ija. Anatenga imodzi, anaipinda ndi zala, anainunkhiza, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

“Ichi si chikopa, mama. Iyi ndi nyama youma. Anzanu munawaveka ndiwo m'makutu!”

“Inu Che Yusufu, munthu akulira inu mukuseka?” anatero Abiti Juma akuwamenya paphewa.

“Ndikuseka chifukwa matenda ake ndi ochizika. Manja ali bwino, taonani kudula kwake. Chasowa ndi kufufuta basi.”

Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti maso awo asanafe, Che Yusufu ankafufuta zikopa n'kumasoka nkhwayira ndi zimake za mipeni. Anandifotokozera kuti pa chipembedzo chawo, chikopa cha mbuzi ya Idi mwini wake sagulitsa kuti adyepo, amachipereka sadaka, mphatso ya kwa osowa. Chikopa cha mbuzi yawo anali atandisungira kale, ndipo masana omwewo Abiti Juma anayenda m'makomo a anzawo, n'kubwera ndi zina m'beseni, zikadali zaziwisi. “Ine miyendo ndili nayo koma maso ndilibe, inu maso muli nawo koma miyendo mulibe,” anatero mkuluyo. “Inshallah, Mulungu akalola, awirife tikwana munthu mmodzi.”

Ndinakumbukira kuti m'Malemba muli munthu wofufuta zikopa amene nyumba yake inali m'mbali mwa nyanja, ndipo mtumwi wa Ambuye sananyansidwe kugona kwa iye. Ndinakumbukiranso kuti makolo athu oyamba aja atachita manyazi, Mulungu mwini anawasokera zovala zachikopa. Pamenepo ndinavomera.

Ntchito inayamba tsiku lomwelo, chifukwa chikopa chachiwisi sichidikira. Tinachithira mchere wambiri mbali ya nyama. Kenako tinachiviika m'madzi a phulusa ndi laimu mpaka ubweya unayamba kuchoka wokha ukaukanda ndi chala. Ndinkachiyala pa chipika n'kumapala ndi mpeni wobuntha, nditakhala pansi mwendo nditautambasula, Che Yusufu akupapasa ndi dzanja kuti amve pamene patsala mafuta. Tadala akaweruka ankatunga madzi otsukira, ndipo tinatsuka, tinatsukanso, mpaka kuterera konse kutatha. Pomaliza tinasinja makungwa a mthethe, tinawaviika m'mgolo mpaka madzi anafiira ngati tiyi wopanda mkaka, n'kumizamo zikopa zija.

Apa ndi pamene chikhulupiriro changa chinayesedwa koposa. Chikopa chikalowa m'makungwa, palibenso chochita koma kuchitembenuza ndi kudikira. Nthawi ndi nthawi Che Yusufu ankati ndidule kachidutswa m'mphepete ndiyang'ane pakati pake. Ngati pakati pali mzere woyera, ndiye kuti m'kati mukadali mwamuwisi, ngakhale kunja kuoneke kokongola bwanji. Iwo mzerewo sakanatha kuuona. Ankadalira pakamwa panga.

Julayi anapita, sukulu anatsekera, Ogasiti analowa. Tsiku lina ndinadula, ndipo mzere unalipo, wowonda ngati ulusi.

“Mwaona chiyani, mama?”

Lilime langa linafuna kunena kuti watha. Ndinaganiza za Seputembala, ndinaganiza kuti kamzere kotere palibe angakaone penti akapakidwa. Koma ndinakumbukira jumbo ija.

“Ulipo, Che Yusufu. Waung'ono, koma ulipo.”

“Bwezeranimo. Chikopa sichidziwa kalendala ya sukulu.”

Ndinachibwezera m'mgolo ndikulira. Koma m'mene ndinkachimiza ndinamva mumtima mwanga, osati ndi makutu, kuti nanenso ndili m'makungwa, ndipo amene anandiviika akudziwa tsiku londivuula. Kuyambira pamenepo ndinayambanso kuimba.

Tsiku limene ndinadula n'kupeza pakati pafiira ponse, Che Yusufu anakweza manja nati, “Alihamudulillahi,” ine ndinati, “Aleluya,” ndipo Abiti Juma anatiseka tonse awiri. Tinachitsuka, tinachipaka mafuta a nsatsi pang'ono chabe, n'kumachikoka pa mtengo uku chikuuma mpaka chinafewa ngati nsalu. Fungo lake linali la makungwa, labwino, loti ukhoza kugonera. Penti wa maboti ndinamusiya. Mayi wina wa kutchalitchi amene amapita ku Lilongwe kukaoda kaunjika ananditengera penti wosungunula ndi madzi, amene sasweka chikopa chikapindika, pamodzi ndi tingowe ta ndolo tosachita dzimbiri. Ndinaphunzira kupaka mopyapyala, kudikira kuti aume, n'kupakanso, ndipo pamwamba kupukuta ndi polishi wopanda mtundu. Ndinajambula tinsomba, masamba a mpunga, ndi mizeremizere yonga ya pa mkeka, mikanda itatu kapena inayi kunsi kuti izigwedera munthu akatembenuka.

Ndolo zoyamba sindinagulitse. Ndinazipereka kwa amayi aja amene ndinawachititsa manyazi kuchinkhoswe. Anazilandira mwaulemu, koma aliyense asanavale anayamba wanunkhiza. Lamulungu lotsatira anavina nazo m'kwaya dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, ndipo palibe ntchentche inabwera. Mayi wanthabwala uja ndi amene anasanduka wonditsatsira malonda. Anazitenga kupita nazo kuloji kumene ndinkachapa kuja, ndipo mabwana analola kuti kadengu kanga kazikhala pamalo olandirira alendo. Sikuti ndinalemera, ayi. Koma Ogasiti asanathe ndinagula ufa ndi dzanja langa, ndinagula makope a Tadala, ndipo zofunika kusukulu za teremu yoyamba zinakwana.

Achimwene anabwera monga ananenera, atavala jekete la paulendo, kuti akakwere minibasi ndi mwana pa depoti ya ku Salima. Anandipeza pakhonde ndikutunga mikanda, Che Yusufu ali pambali akupapasa chikopa chatsopano. Ndinawafotokozera zonse, n'kuwaonetsa makope. Anatola ndolo imodzi padengu, anaiyang'ana uku ndi uku, kenako pang'onopang'ono anaifikitsa kumphuno. Mbiri ija inali itafika ngakhale ku Chinguluwe.

Anainunkhiza kawiri. Tadala anali ataima pakhomo, chikwama chake chomanga kale chili kumapazi.

“Iwe Tadala,” anatero amalume ake, “yunifolomu ija ikukukwanabe?”

“Ikundikwana, amalume.”

“Ndiye ukuimiranji pamenepo ngati mlendo? Kamasule chikwamacho.” Atatero anatembenukira kwa ine. “Nabanda, zofiirazi undikulungire. Alamu ako asamve kuti ndinafika kuno n'kubwerera chimanjamanja.”

Abale ndi alongo, Tadala akuphunzirabe, ndipo akaweruka amandithandiza kusankha mitundu ya mikanda. Mwendo wanga sunawongoke. Ndodo ikadali pambali panga pamene ndikulemba izi. Mulungu sanandichiritse m'njira imene ndinkafuna, koma anandiyankha pa chimene ndinapempha. Amene anadyetsa mneneri wake kudzera mwa makwangwala anaona kuti n'koyenera kundidyetsa ine kudzera mwa nkhalamba yosaona ya kuseri kwa mpanda, pa tsiku la chikondwerero chimene si changa. Ndimathokoza Che Yusufu ndi Abiti Juma, ndimathokoza amayi amene anavala manyazi anga m'makutu osandinyoza, ndimathokoza achimwene amene anatisenza mpaka pamene mphamvu zawo zinathera. Koma ulemerero wonse ndikuubweza kwa Iye amene anawatuma.

Iwe amene wayesa n'kulephera pamaso pa anthu, iwe amene ana akudutsa pakhomo pako atagwira mphuno, usataye jumbo yako msanga, ndipo usanyoze khomo limene thandizo lingadzere. Ngati wadula lero n'kupeza mzere woyera ukadalipo, usaname, usathamange. Bwerera m'makungwa, upemphere, udikire. Amene anakuviika sanakuiwale.

Ndipo mukadzadutsa pakhonde panga kudzagula ndolo, musachite manyazi kununkhiza. Aliyense amatero, ndipo nthawi iliyonse imene munthu wafikitsa ndolo yanga kumphuno n'kumwetulira, ine mumtima ndimati: zikomo Yesu.