Nyimbo ya m'chigafa pa mpikisano wa oimba

Moni kwa inu apawailesi ndi omvera nonse. Ine ndine tenanti pa esiteti ina ya fodya ku Kaluluma. Pamsika amandidziwa bwino, poti ndimanenerera ngakhale mtengo wa singano.

Chaka chatha, nthawi yolandira makuponi a fetereza, kunabwera mpikisano wa oimba, ena ochokera ku Zambia. Mwana wanga wamkazi anafuna kuimira dera lathu, koma mkulu wokonza mpikisanowo anakana.

"Bambo, inu ndinu obwera. Ngakhale kuponi simulandira kuno. Mwana wanu aimira ndani?"

"Aimira fodya amene anakugulirani jekete mwavalayo, bwana," ndinatero.

Tinakokana mpaka anatopa. "Chabwino, aimbe nyimbo ziwiri."

Pakamwa pakazolowera mpovuta. Ndinangozindikira ndanena kuti, "Tsitsaniko pang'ono, bwana." Anatsitsadi, inatsala imodzi. Mwanayo anandiyang'ana ngati andimeze.

"Ababa, khalani pansi, musayankhulenso. Imodziyo ikwana."

Anasiya nyimbo zachikondi zimene anakonzekera, n'kuyambitsa ija timaimba m'chigafa posoka fodya. Matenanti amene anaima kunja kwa mpanda wa bwalo la mpikisanowo anavomereza onse, mpaka oweruza anatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Ine misozi mbwembwembwe, munthu wamkulu.

Chikho chinapita ku Zambia, sitikukana. Koma chaka chino mwana wanga akupitanso. Wanenetsa kuti akakamukaniza, akaimbira kunja kwa mpanda komweko, tikaone kumene anthu akaloze makutu.