Timizere ta Pensulo m'Buku la Nyimbo

Pa benchi ya odikira mankhwala kuchipatala, mayi wina ankayang'anitsitsa buku lakutha limene bambo wachikulire anali atafumbata pachifuwa.

"Bambo, mumayendabe ndi buku la nyimbo? Ine langa ndinatsekera m'sutikesi. Amuna anga chigonere, chaka chino n'chachitatu. Kupemphera ndatopa nako."

"Si langa ili, mayi. Linali la malemu akazi anga. Anaimba kwaya zaka makumi atatu. Akamasita zovala Loweruka nyumba yonse inkasanduka tchalitchi, ine n'kumadandaula kuti sindikumva mpira pa wailesi."

"Pepani."

"Atamwalira ndinamunyanyala Mulungu, zaka ziwiri osapondako kutchalitchi. Tsiku lina ndinapita kukangobweza bukuli, poti lili ndi chidindo cha mpingo. Ndinapeza atayamba kale, ndiye ndinakhala kumbuyo kudikira kuti atuluke. Atatchula nambala ya nyimbo, dzanja linatsegula lokha. Taonani apa."

"Timizere ta pensuloti?"

"Ankalemba pokokera mpweya, kuti mawu asawathere panjira. Ine mawu anga ndi achule, koma ndinangopezeka ndikuimba, n'kumakoka mpweya pomwe ankakokera iwo."

"Ndiye kukayika kunatha?"

"Kuthe kupita kuti? M'mawa womwe uno ndamufunsa Mulungu chimene anawatengera akazi anga. Sanandiyankhe."

"Nanga mumatani?"

"Ndikafika pakamzere ndimaima, n'kukoka mpweya, kenako n'kupitiriza."

"Ndiye bukulo simunabweze?"

"Ampingo azidikira. Koma inu mukakafika, lanulo mukalitulutse m'sutikesi. Njenjete sizidikira kuti mkwiyo uthe."