Khutu la a Bwerezanso

Mkulu wa sukulu ya zamalamulo, aphunzitsi nonse, amayi akunyumba ndi ana ndi zidzukulu, akulu anga ophunzira, ndi alonda amene mumanditsegulira chipata, landirani ulemu wanga.

Ena mukudabwa kuti mwana wa yunifolomu akuyankhula bwanji ngati mnzawo wa pantchito. Funsani aphunzitsi amene akupuma pantchitowa. Ndi amene anandilemba ntchito. Malipiro ake ndi tiyi.

Ndinafika kuno ndi mayi anga. Bambo atamwalira, bambo aang'ono anati nyumba ndi yawo, ife tituluke. Tinamva kuti kuno ophunzira amathandiza anthu pa milandu mwaulere. Anatilowetsa m'chipinda chakumapeto chija, cha zenera losatsekeka. Wophunzira wina wovala tayi anawafotokozera mayi lamulo. Anayankhula bwino zedi. Mayi ankangoti, "Eee, bambo. Eee." Ine ndinkayang'ana fumbi likuyandama m'kuwala kwa dzuwa. Kenaka aphunzitsiwa ananditembenukira.

"Iwe wa pazenera, wamvapo chiyani?"

Ndinati, "Ndamva kuti nyumba yathu ili ndi dzina la Chilatini."

Sanaseke. Anamuyang'ana wa tayi uja nati, "Bwerezanso."

Ophunzira, musabise nkhope. Tonse tikudziwa kuti kumbali mumawatchula kuti a Bwerezanso. Nawonso akudziwa.

Ntchito yanga inayamba pamenepo. Ndikaweruka kusukulu ndimakhala pazenera lija. Wophunzira asanakumane ndi mwini mlandu, amayamba wandifotokozera ine, osatchula maina a anthu. Ine ndimanena zimene ndamva. Zikatuluka zokhota, amayambiranso. Amanditcha Khutu.

Achemwali Liwiro, kumbuyoko, mukukumbukira? Tsiku loyamba anandifotokozera mlandu wa ziweto zolowa m'munda, mawu akuthamanga ngati basi ikuwasiya. Ine ndinanena kuti mbuzi yasumira mwini wake. Anabwereza mpaka tiyi anazizira.

Koma nawonso aphunzitsi sanabadwe choncho. Alonda anandinong'oneza. Akuti ali loya wachinyamata anayankhula Chingerezi chokoma m'khoti, mpaka bambo amene ankawaimira anaomba m'manja. Bamboyo anatuluka akumwetulira, kuthokoza aliyense. Mlandu anali ataluza. Anakamva kwa munthu wina panja. Sekani, inenso ndinaseka. Koma aphunzitsi akaikumbukira nkhaniyi amayang'ana pansi nthawi yaitali.

Za nsapato ndingonena pang'ono. Amazivula pansi pa tebulo. Anapitapo kukalandira alendo olemekezeka pachipata atavala jekete, tayi ndi masokosi. Amayi, tikukubwezerani bambo, koma konzekani. Mukati mchere watha, mumva "bwerezanso".

Ine sindine wa anzanga ambiri. Ndimakonda nthawi ija anthu akachoka, dzuwa litafika pamwendo wa tebulo. Ndimaona ngati mawu amene anthu anena tsikulo atsala m'chipindamo, atayanikidwa m'mwamba ngati zovala. Amabwera olemera, onyowa. Aphunzitsi amawatembenuza pang'onopang'ono mpaka apepuke, munthu n'kutha kuwanyamula kupita nawo kwawo. Ndaona agogo akulowa atazunguzika, n'kutuluka akufotokozera mdzukulu mlandu wawo okha. Aphunzitsi, pa zaka zonsezi, zikomo.

Tsopano ndinene chimene ndinavomerera kuima pano. Mlandu wathu ulowa m'khoti mwezi wamawa, inu mutapuma kale. Nditamva, ndinayamba kulota nyumba yathu itamera miyendo, ikutsika msewu, ine ndikuithamangira ndi chikwama cha mabuku. Ndiye ndinakonza nzeru. Ndinati aphunzitsiwa ndidzawapempha pagulu kuti adikire kaye kupumako, pamaso pa akuluakulu sangakane.

Sabata yatha Achemwali Liwiro anandiitana. Anati mlanduwo auyendetsa ndi iwo, pamodzi ndi loya amene akulowa m'malo mwanu. Ndinakumbukira za mbuzi ija. Anakhala pansi, naika manja patebulo, nayamba. Anandiuza chimene lamulo limanena za mkazi ndi ana a womwalira. Anandiuza zimene bambo aang'ono akanene, mafunso amene mayi akafunsidwe, ngakhale pamene mayi akaime. Sanandilonjeze kuti tiwina. Ndinamva zonse kamodzi. Ndinakawafotokozera mayi kunyumba, ndipo sanati "eee". Anandifunsa mafunso ovuta, ena ndinachita kubwera nawo kuno.

Choncho pempho lija ndalisiya, aphunzitsi. Mantha ndikadali nawo, sindinama. Koma tipita ndi achemwali.

Pitani mukapume. Mukagone masana. Mukakhale pamthunzi, zidzukulu zikuuzeni nkhani zopanda mutu, inu muzingomvera. Tikachoka kukhoti, kaya zikhala bwanji, mayi akuti adzabwera kudzakufotokozerani okha.

Anthuni, imirirani. Tiwaombere m'manja mpaka amve a mumsewu!